Kamera Inkayatsidwa Naini Koloko

Nsapato khumi ndi ziwiri zinali pamzere patebulo lodulirapo zikopa, ndipo Lurdes, mwini fakitale, ankazinyamula imodziimodzi n'kumazipinda kumphuno. Ina inkapindika bwino n'kubwerera m'malo. Inzake inkatsala ndi makwinya ngati khosi la nkhukundembo.

"Zonse zili chonchi?" anafunsa Lurdes.

Dulce, mayi wa ku yunivesite amene ankatchedwa a dokotala chifukwa cha maphunziro ake ndipo ankatsogolera ntchito ya makina atsopano odulira zikopa, anayankha kuti si zonse, koma pafupifupi theka. Anati sakumvetsa pamene palakwika, chifukwa makinawo anadula motsatira ndendende mmene amadulira a Aníbal, mmisiri wakale wa pafakitalepo. A Aníbal eni ake anali chapatali akunola mpeni, ndipo sanadzutse mutu.

Panali patapita miyezi itatu chibwerere anthu a ku yunivesite. Boma linali litawatuma kuti agwirizane ndi mafakitale ang'onoang'ono a nsapato a m'tauni ya Felgueiras, akuti pofuna kuwathandiza kuti asatsalire m'mbuyo. Anapachika kamera pamwamba pa tebulo la a Aníbal kuti kompyuta iphunzire pamene iwo amaika mpeni ndi pamene amapewa. A Aníbal anayamba kudula zikopa ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, atangosiya sukulu, nthawi ya bambo ake a Lurdes. Wolowa m'malo mwawo panalibe. Amene akanaphunzira ntchitoyi anali atapita kale kukamanga nyumba za anthu ku Switzerland ndi ku France.

Lachisanu la sabata imeneyo kunkayenera kubwera akuluakulu a boma kudzaona makinawo akugwira ntchito. Makinawo akalephera, ankayenera kuchotsedwa n'kupita kufakitale ina yaikulu, ndipo anthu khumi ndi asanu ndi anayi a kwa Lurdes akanatsala akudalira manja awiri a nkhalamba.

Chimene chinalakwika a Aníbal ankachidziwa. Tsiku lililonse ankafika seveni koloko, n'kumasula mtolo wa zikopa wochokera kofufuta. Chikopa chilichonse ankachikoka m'mphepete mwa tebulo, choyamba motsata msana, kenako mopingasa, kuti amve mmene chikutanukira. Chofewa kwambiri ankachiponya pansi pa shelefu kuti chidzakhale cha m'kati mwa nsapato. Zabwino ankazisanja, mbali yolimba italoza kuwindo. Anthu a Dulce ankachokera kumzinda wa Porto, ankafika naini koloko, n'kumwa khofi, kenako n'kuyatsa kamera yawo. Kompyuta inaphunzira pa zikopa zosankhidwa kale. Tsiku loyesa makina, anthu a Dulcewo anatenga zikopa pamtolo momwe zinabwerera.

Mafunso anawafunsa ambiri, a papepala. Zaka zawo, pamene analekezera sukulu, ngati amaopa zipangizo zamakono. La chimene amachita iwo asanafike panalibe.

Masana a Lachitatu a Aníbal anapita kukadya kumalo odyera a mayi Ermelinda pamodzi ndi a Belmiro, amene ankamata zidendene ndipo nawonso ankafika seveni koloko. Anawapatsa msuzi wa kabichi, buledi wa chimanga ndi vinyo wa m'botolo lopanda dzina.

"Ndiye ukungowaonerera a dokotala akuwonda?" anatero a Belmiro.

"Safunsa anadya phula. Ine ndine wa kalasi yachinayi. Ndiwauze chiyani anthu a madigiri?"

A Belmiro anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasendera pafupi n'kunena maganizo awo. Anati Lachisanu m'mawa a Aníbal angosankha zikopa mwakachetechete monga mwa masiku onse, n'kuziika pamwamba pa mtolo. Makina adula bwino, a boma ajambulitsa zithunzi, adya keke, makina atsala. Ndipo chinsinsi chitsala nacho nkhalamba.

"Palibe amene adzakuchotse mpaka kufa. Makinawo adzakhala akudya m'manja mwako osadziwa. Ukaipa dziwa nyimbo, m'bale wanga, ndipo iwe kuipa unaipa kale."

A Aníbal anaona kuti nzeruyo ndi yabwino. Anatenga buledi kuti anyeme, koma zala zinakana kufinya chikhungwa chake. Anayesanso. Pomaliza anangomuviika yense mumsuzi. A Belmiro anaona, n'kuyamba kukamba za mpira.

Nyamakazi inali itawagwira a Aníbal kwa zaka ziwiri. Lurdes sankadziwa kuti m'mawa uliwonse ankayamba aviika manja m'madzi otentha kubafa asanakhudze chikopa, ndipo nyengo yozizira yapitayo panali masiku amene madziwo sanathandize.

Lachinayi lonse a Aníbal anadula akulingalira nkhaniyi. Ankadziwa mmene zinthu izi zimathera. Nzeru ikalowa m'bokosi, mwini wake amasanduka mpando wakale. Lipoti lidzatuluka ndi maina a madokotala ndi mbendera ya boma, ndipo dzina lawo silidzapezekamo. Anaziona pamene kunabwera makina osokera, amisiri atatu n'kupatsidwa wotchi aliyense n'kuchotsedwa ntchito. Koma kuseri kwa galasi ankaonanso amayi osoka ataweramira ntchito yawo, ena a iwo ana a anzawo amene anawaika m'manda. Nzeru ya a Belmiro inali yabwino kufikira m'mawa umene zala zidzakaniretu. Tsiku limenelo makina adzadula chilichonse chimene apatsidwa, nsapato zidzabwezedwa ndi ogula a ku Germany, ndipo palibe adzadziwe chifukwa chake. Mumsewu wawo womwewo munali mafakitale awiri otsekedwa, udzu utamera pazipata.

Itakwana folo koloko anapukuta mpeni n'kupita kukachipinda kamene anapatsidwa anthu a ku yunivesite. Anapeza Dulce ali yekha, akuonera kanema wa manja awo, maso ali psuu.

"A dokotala, kamera yanuyi mumayatsa nthawi yanji?"

"Naini koloko, bambo Aníbal. Mukayamba ntchito."

"Ine naini koloko ndimakhala nditatopa kale."

Anamufotokozera zonse ali chiimire, za kukoka, za pansi pa shelefu, za mbali yoloza kuwindo. Dulce anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Bwanji simunanene?"

"Munafunsa?"

Dulce anavomera kuti sanafunse. Anati ndiye kuti zonse zimene anajambula miyezi itatu zinali theka la ntchito, ndipo theka lotsalalo kamera singalione n'komwe, chifukwa limamveka m'manja. Pafunika chipangizo china choyeza kutanuka kwa chikopa, ndiponso munthu woti awauze ngati chipangizocho chikunena zoona.

A Aníbal anamuyang'anitsitsa. Kenako anatsitsa mawu n'kumuuza kuti za mawa asade nazo nkhawa. Iwo akhoza kusankha zikopa m'mawa, n'kuziika pamwamba, a boma osadziwa kanthu. Ananena izi akudziwa kale yankho, chifukwa anthu a maofesi ankawadziwa. Palibe amene amakana chithunzi chabwino.

Dulce anazunguza cholembera m'zala. Anayang'ana kuwindo kumene kunali galimoto yake.

"Ayi," anatero. "Muzisiye momwe zabwerera. Ndiwauza kuti makina alephera, ndipo ndiwauza kuti wolakwa ndi ine."

"Awatenga makinawo."

"Mwina awatenga. Koma ndikawasiya pano akunama, amene adzalire ndi Lurdes, ine ndili ku Porto."

A Aníbal anatsekula chitseko. Anatuluka akuganiza kuti kulankhula n'kosavuta Lachinayi.

Lachisanu a boma anabwera atatu, atavala nsapato za ku Italy. Makina anadula pamaso pawo, ndipo Dulce anatenga zidutswa ziwiri n'kuwapatsa kuti akoke okha, china cholimba, china chotanuka ngati mphira. Anafotokoza zonse osabisa. Wamkulu wawo anakwiya, n'kunena kuti nkhaniyi inali itakonzedwa kale kuti ituluke m'nyuzipepala. Anatsekerana muofesi ya Lurdes kwa ola lathunthu. Potuluka wamkuluyo anati makina atsala mpaka Pasaka, ndipo akadzalepheranso sipadzakhala kukambirana. Zithunzi sanajambule. Keke ya mazira imene Lurdes anagula anadya ndi amayi osoka.

Lurdes anadutsa patebulo la a Aníbal ali ndi mbale m'manja.

"Amalume, miyezi itatu yonseyi munali chete?"

"Bambo ako ankadziwa nthawi imene ndimafika," anayankha a Aníbal.

Lurdes anawasiyira keke patebulo n'kubwerera kuofesi.

Lolemba kunali mvula. A Aníbal atafika pachipata, seveni koloko isanakwane, anapeza Dulce ataima pansi pa ambulera, tsitsi litanyowa mbali imodzi. Sanamuyamikire. Anatsekula chitseko, n'kumasula mtolo, n'kutulutsa chikopa chakuda cha mwana wa ng'ombe. Dulce anayamba kutulutsa kabuku m'chikwama.

"Kabuku kabwerere. Gwirani apa ndi apa. Kokani motsata msana."

Dulce anakoka.

"Tsopano mopingasa. Mukumva kusiyana kotani?"

Dulce anakokanso, atatsinzina. Anatsekula maso n'kupukusa mutu.

"Sindikumva chilichonse, bambo Aníbal."

A Aníbal anali akuyembekezera kuti Dulce awanamiza kuti akumva. Anakanda chibwano, n'kukankha mtolo wonse kuti ufike mbali ya Dulce.

"Inenso chaka choyamba sindinkamva," anatero. "Tengani china."