Mwala wa Kumbuyo kwa Ngaka

1.
Munthuyo ataima patsogolo pa chithunzi, sanayang'ane ngaka. Anayang'ana mwala wa kumbuyo kwake.

2.
Bambo anga, a Fanuel Mkwezalamba, ankawerenga nyama m'nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1979 mpaka mu 1996. Atasiya ntchito anagula utoto. Ine Edina ndimagulitsa zithunzi zawo m'kasitolo kanga ku Lilongwe. Iwo m'tauni safikamo.

Amati: ndimajambula chimene ndaona basi.

3.
Za m'chithunzicho: ngaka yaikazi. Mwana wake ali pamchira. Chulu. Mlambe wothyoka nthambi. Mwala wooneka ngati nyundo. Pansi, dzina lawo ndi tsiku, 6 Epulo 2024.

4.
Lachiwiri, 21 Meyi, nthawi ya 10 m'mawa. M'sitolo munalowa mwamuna wa jekete lachikopa.

Achemwali, malo okongolawa ndi enieni?
Bambo anga sapeka. Ndi pa Mwala wa Nyundo. Ankapita nane ndili mwana.
Ee? Munthu angafike bwanji?

Ndinamulembera njira pakapepala. Monyadira.

5.
Mtengo sanafunse.

6.
Uli m'minibasi ya kumudzi ndipo ukuwerenga zimene unalemba, mlatho, mjigo, njira yakumanzere, mlambe, ndipo foni ya ababa ikungoitana osayankhidwa, ndipo ukukumbuka zimene iwo anakuuza kalekale kuti ngaka sithawa, imangodzipinda n'kukhala phee, munthu amangoitola ngati dzungu n'kuiponya m'thumba, mamba ake amapita kunja kwa dziko, ndipo kondakitala akuti mayi sunthani pang'ono pamenepo pakhala anayi, koma iwe ukungoona mwana uja pamchira, nanga iye amadzipinda bwanji mayi ake atatengedwa

7.
Kope la a Mkwezalamba, 1996.

9 Julayi, 4:50 madzulo. Ngaka imodzi pa una, mamita 300 kumpoto kwa dambo. Lipoti ndapereka, ndi mapu omwe.
16 Julayi. Una wakumbidwa. Magazi pang'ono. Mapazi a anthu atatu.
31 Julayi. Ndabweza yunifolomu.

8.
Ndinawapeza pakhonde akusakaniza utoto. Foni ili m'nyumba.

Ababa, ndalakwa.
Moni wathera m'minibasi?
Ndauza munthu malo a ngaka ija. Ndamulembera ndi njira yomwe.
Liti?
Dzulo, 10 koloko.
Anali yekha?
Yekha.
Ndiye afika kale. Tipita mawa kukacha.
Mawa? Ababa, tiimbire asilikali a nkhalango!
Mawa, Edina. Tandipatsira nsanzayo.

9.
Lachinayi, 23 Meyi, 7:15 m'mawa. Mwala wa Nyundo.

Mikwasa ya njinga zamoto ziwiri. Maenje anayi. Chulu chogumulidwa. Thumba lopanda kanthu. Mpini wa khasu wothyoka.

Ababa anagwada ndi bondo lawo lovuta, nayeza dzenje lililonse ndi ndodo, nalemba m'kope. Ine ndinkafunafuna magazi.

Magazi panalibe.

10.
Ndimajambula chimene ndaona basi.

11.
Yathawa kodi?
Ngaka sithawa. Pano sinakhalepo.
Koma chithunzi chija?
Ngakayo ndinaiona pa 6 Epulo. Mwalawu ndinauona zaka makumi anayi zapitazo. Sindinazione pamodzi.

Anatseka kope.

Zonse umagulitsa zija ndi choncho. Kambuku, nkhwazi pachisa, zonse. Nyama ndi yoona, malo ndi ena.
Ndiye munandinamiza ine?
Ndinasankha mwala umene iwe umaudziwa. Anthu aja safunsa wojambula, amafunsa wogulitsa. Iwe kunama sutha, mwanawe. Maso ako amaulula. Ndinafuna kuti uziwauza ndi mtima wonse.
Nanga ili kuti?
Ili moyo. Mwana watsika pamchira.
Kuti, ababa?

Anatola thumba lija n'kulipinda bwinobwino.

Anthu aja adzabweranso, ndinatero. Akandifunsa za kambuku ndidzati chiyani?

Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira nyama asanaijambule.

Limenelo ndiye vuto, anatero. Tsopano ukudziwa.