Khoma Linatseka Njira ya Kuntchito

Mkazi wa kalipentala anachotsedwa ntchito chifukwa cha khoma. Ankachapa ndi kusita zovala pa hotela ina kumtunda kwa mzinda, ndipo popita ankadutsa kanjira kachidule pakati pa nyumba za anthu opeza bwino. Eni nyumbazo atamanga khoma lalitali kuti anthu akudambo, komwe iye ankakhala, asamadutsepo, ulendo wake unatalika. Ankazungulira kudzala la zinyalala n'kukawoloka mtsinje podumpha miyala. Mvula itayamba anachedwa kangapo, ndipo bwana wake anamuuza kuti apeza wina wokhala pafupi.

Mwamuna wake nayenso zinthu sizinkamuyendera. Mipando yake inali yolimba, koma inkangochita fumbi pakhonde. Wogula akaimba foni n'kumva kuti kalipentalayo amakhala kudambo, ankati abwera mawa, mawa lakelo osafika. Ndani angasenze kabati pamutu m'matope?

Tsiku lina kalipentala anauza mkazi wake maganizo ake. Anati mkaziyo ndi ana apite kumudzi kwa mayi ake, mwiniyo atsale yekha m'tauni mpaka zinthu zisinthe. Mkaziyo anamukumbutsa kuti mwana wawo wamkulu anali pafupi kulemba mayeso, ndipo misozi inalengeza.

"Bambo a mwana, ine ndinakwatiwa ndi inu. Mukufuna banja lithe chifukwa cha njerwa za anthu ena?"

Akukambirana choncho, panafika mayi wa zaumoyo yemwe ankathira mankhwala m'zitsime za kudambo. Ana anawapatsa dzina loti Mayi Kolorini potengera dzina la mankhwalawo, ndipo iwo ankavomera mosangalala. Ataona nkhope za awiriwo anakhala pa mpando wina wosagulidwa uja n'kufunsa chomwe chavuta.

Kalipentala anakhuthula zonse. Pomaliza anati malowo ndi otembereredwa, ndipo anthu ake ndi aulesi, n'chifukwa chake umphawi unamangapo nyumba.

Mayi Kolorini anamufunsa kuti ndani amalondera mageti a kumtunda, ndani amasesa m'maofesi, ndani amalera ana a mabwana. Kalipentala anavomera kuti ambiri ndi anthu akudambo.

"Ndiye aulesiwo ndi ati, bambo? Umphawi sunadzadze kuno mwangozi ayi. Unachita kuunjikidwa."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Anati pogawa malo mumzinda, okonza mapulani anadula mapuloti akuluakulu omwe wosauka sangawakwanitse, osasiyako malo a anthu apantchito wamba. Anthuwo anathawira komwe wina aliyense sakufunako, m'dambo ndi pafupi ndi zinyalala. Poti malowo sanali ovomerezeka, khonsolo siinabweretse msewu, mipopi kapena sukulu. Popanda msewu mabasi safika, sitolo sizitsegulidwa, ntchito zimakhala kutali. Kenako olemba ntchito amayamba kunyoza dzina la malowo, ndipo aliyense amene wapezako bwino amasamuka msanga, n'kusiya ovutika okhaokha.

"Khoma lija langomalizitsa zomwe zinayamba kale," anatero.

Mkazi wa kalipentala anafunsa ngati pali chomwe munthu wamba angachite. Mayiwo anati khonsolo imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu pa za mapulani a mzinda, koma akudambo sapitako chifukwa amaganiza kuti ndi ya ovala mataye. Anamukumbutsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kalipentala sanakhulupirire kwenikweni, koma mkazi wake anayenda khomo ndi khomo kuitanira anthu ku msonkhano wa khonsolo. Ena anamuseka. Mlonda wina anati anthu akumtunda ndi khonsolo amadyera mbale imodzi. Komabe tsiku la msonkhano panapezeka kagulu: ochapa, ogulitsa makala, alonda ndi kalipentala yemwe anabwera monyinyirika.

Ulendo woyambawo unawawa. Mkulu wina wa ku khonsolo anayang'ana pa mapu n'kunena kuti dera lomwe akukambalo ndi dambo lopanda anthu. Akudambo anabwerera mitu ili pansi, kalipentala akung'ung'udza kuti anawauza kale. Koma m'mawa mwake mkazi wake anayambiranso kuyenda m'makomo. Nkhani yoti pa mapu kulibe anthu inakwiyitsa ngakhale aja ankaseka.

Pa msonkhano wotsatira anadzaza chipinda mpaka ena kuima pakhomo. Mkazi wa kalipentala anaimirira.

"Bwana, ife sitinabwere kudzapempha chakudya. Tikupempha kuti mubwere mudzaone ngati ndife achule a m'dambo kapena anthu."

Anthu anaseka, ngakhale akhonsolo amene. Mayi wina woona za mapulani analonjeza kubwera, ndipo anabweradi. Galimoto yake inatitimira m'matope isanafike pakati pa dera, moti anamaliza ulendo wapansi, nsapato zili m'manja. Anaona zitsime zoyandikana ndi zimbudzi. Anaona ana akuwoloka mtsinje popita kusukulu. Atafika pa khoma anaima nthawi yaitali, kenako ananena kuti kanjira kaja kanali njira ya anthu onse, ndipo eni nyumba analibe chilolezo choitseka.

Sizinasinthe tsiku limodzi. Eni nyumba ena anakana kwamtuwagalu kutsegula njirayo ponena kuti akuopa akuba. Pa zokambirana, akudambo anavomera kuthandiza kuyang'anira njirayo, ndipo khonsolo inalonjeza kuikapo magetsi. Mayi wina wakumtunda anaulula kuti nayenso khomalo linamuvuta, chifukwa wolera ana ake ankafika atatopa kale. Khoma linabooledwa. Patapita miyezi, dera lakudambo linalowa pa mapu, thirakitala inapala msewu, ndipo mpopi woyamba unatuluka madzi.

Mkazi wa kalipentala anapeza ntchito pa malo ena ochapira zovala, ndipo ankafika nthawi yabwino. Magalimoto atayamba kufika, sukulu ina inaoda mabenchi kwa mwamuna wake, moti analemba anyamata awiri akudambo komweko kuti azimuthandiza. Mwana wawo analemba mayeso ali pakhomo pa makolo ake. Mlamu wa kalipentala atamufunsa ngati tsopano asamukira kumtunda, iye anapukusa mutu. Anati akasamuka, ndani atsale kukakamiza khonsolo za mlatho ndi sukulu?

Anthu osauka sadzadza dera limodzi chifukwa cha ulesi kapena tsoka. Amaunjikana pamene malo abwino akwera mtengo, pamene msewu, madzi ndi sukulu zipita mbali imodzi yokha ya mzinda, komanso pamene anthu asalidwa chifukwa cha komwe amakhala. Zimenezi anazikonza ndi anthu, choncho anthu angathe kuzisintha. Pitani ku misonkhano ya khonsolo, pitani muli ambiri, ndipo musatope ulendo woyamba. Mzinda ndi wa onse okhalamo.