Soketi ya M'saluni

"Alamu, zinyalala zanuzi zichoka liti pakona panga?" anafunsa mayi wa saluni, uku akutsuka tsitsi la kasitomala.

Mlamu wakeyo, mng'ono wa mwamuna wake amene anthu ankamutcha Pulofesa, sanadzutse n'komwe mutu. Anali ataweramira kabokosi kachitsulo kokonzera mafoni akale, ka zingwe ngati matumbo a nkhuku. Kompyuta yake yakale itapsa anapeza ina, koma yatsopanoyo inkakakana kabokosiko kwamtuwagalu. Sabata yonse munthu wamkulu, ndevu pepeya, ankangonyengerera makina. Ati Pulofesa! Pulofesa wake uti wopempha soketi kwa mlamu wake?

Pabenchi panakhala bambo wokalamba, mlonda wa sitolo yoyandikana nayo, chipewa chili pamaondo, akudikira kuti Pulofesa amukonzere foni. Foni yake ya mabatani inkangoyaka n'kuzima. M'menemo ndi mmene munali nambala ya mwana wake wamkazi, amene anapita kutali kukagwira ntchito n'kusiya kuimba foni. Tsopano mkazi wa mkuluyo anali gone m'chipatala, akungotchula dzina la mwanayo.

"Yatheka!" anakuwa Pulofesa. "Ndathimitsa chitetezo cha kompyuta, ndiye yakavomera kabokosi. Koma chonde alamu, kompyutayi ilibe batire. Soketi iyi musaikhudze. Ikazima ntchito ili mkati, foni ya madalawa ifa."

"Iii, tamvani! Kundilamula m'saluni mwanga? Foni yomanga ndi mphira ngati imeneyo, olo wakuba akhoza kuibweza."

Azimayi amene ankadikira m'salunimo anafa nalo phwete. Mkuluyo anangoyang'ana pansi.

Pulofesa analumikiza foni ija. Kamzere kobiriwira katayamba kukwawa pakompyuta, iye anatuluka kukadzithandiza. Pomwepo kasitomala anayamba kudandaula kuti tsitsi likumudonthera m'khosi, komanso akuchedwa. Soketi inayo inali ndi ketulo ya tiyi wa mwini saluni, madzi asanawire. Mayi wa saluniyo anayang'ana ketulo, anayang'ana zingwe zija. Aaa, zoopsezera ana izi! Anazula pulagi ya kompyuta n'kulowetsa ya dilaya.

Pulofesa atabwerera anaima pakhomo, kukamwa yasa. Anayatsanso zonse, kuyesa chingwe ichi, kuyesa icho, thukuta kamukamu. Foni inangoti zii.

"Alamu, mwaipha," anatero motsitsa mawu.

"Inafa kalekale imeneyo, musandinamizire ine!" Koma manyazi anamugwira, poti azimayi aja anali atasiya kuseka. Anatembenukira mkuluyo. "Madala, musadandaule. Mawa ndikupatsani ina yabwino, ya kamera, osati chigoba ichi."

Mkuluyo anaimirira, anatenga foni yake, anaipukuta ndi malaya n'kuiika m'thumba. Kenako anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, mmene munthu amayang'anira chinthu chimene waponda panjira.

"Zikomo, mayi. Ya kamerayo mukaipereke nokha kuchipatala. Mukamuuze mkazi wanga kuti mwana sabwera, koma tsitsi lauma."