Khomo Lopanda Odi

"Amayi, loko ameneyu ndi woletsa akuba kulowa, kapena woletsa agogo kutuluka?"

Chiso anafunsa zimenezi chibwano chake chitatsamira pa kauntala ya a Obed, mu hadiweya ya pa Nsipe. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. A Obed, amene anali atayala maloko awo patsogolo pathu, anasiya kupukuta magalasi n'kundiyang'ana ngati nawonso akudikira yankho. Ine ndinanyamula loko mmodzi, ndinamuyeza kulemera kwake m'dzanja, kenako ndinauza mwanayo kuti asamatsamire katundu wa eni.

Tinali titangolowa kumene m'nyumba yatsopano. Zinali nyumba zinayi zolumikizana pa mdadada umodzi kuseri kwa msika, denga limodzi, koma aliyense khomo lake ndi mapepala ake. M'kati munkanunkhirabe laimu ndi simenti. Bambo a Chiso anali ku Joni, choncho tinalimo atatu: ine, mwanayo, ndi bambo anga ondibereka, a Ngozo, amene ndinakawatenga ku Nzama mayi atamwalira.

Bambo anali atayamba kuiwala. Ankaiwala kuti adya, ankaiwala dzina la Chiso, koma ng'ombe zawo sanaziiwale, ngakhale yomaliza inaphedwa pa maliro a mayi. Kukangoyamba kuyera ankadzuka, ankafunafuna ndodo, n'kumati akukatsegula khola. Kaloko kamene kanabwera ndi chitseko sikankawavuta n'komwe. Lachiwiri la sabata imeneyo amayi ogulitsa tomato anawapeza pakati penipeni pa msewu wa tala, ataima pa mzere woyera, akuimba mluzu. Thiraki ina inali itaima mopingasa, dalaivala atagwira kumutu. Amayiwo anati bambo anawakalipira kuti abalalitsa ng'ombe.

Ndiye chifukwa chake ndinali kwa a Obed.

Anandionetsa mitundu iwiri. Woyamba anali wolowa m'chitseko, woti kalipentala agobe thabwa n'kumukwirira mmenemo, kunja kuzingooneka chogwirira ndi kabowo ka kiyi. Wachiwiri anali wopachika kunja, wolemera ngati nsangalabwi, wobwera ndi zitsulo zake zokolekera. Anati ameneyo sowo ya zitsulo imathera mano pomwepo, ndipo ngakhale akazi awo atakwiya sangamuthyole. Akazi awowo anali kumbuyo akusanja misomali; anayankha osatembenuka kuti ayese adzaone.

Ndinaganiza nthawi yaitali, monga ndimachitira. Chitseko chinali chatsopano, sindinafune kuti wina achigobe. Komanso ndinkaona ngati loko wooneka ndiye wabwino, woti wakuba akamuonera patali mtima uzimugweratu. Ndinatenga wopachika uja. Funso la Chiso ndinalisiya pa kauntala pomwepo.

Kuyambira tsikulo m'mawa uliwonse unkafanana ndi unzake. Ndinkawaikira bambo phala, madzi akumwa, chakudya cha masana chovundikira bwino, ndi chidebe kuseri kwa katani. Ndinkawayatsira wailesi. Kenako ine ndi Chiso tinkatuluka, iye wa kusukulu, ine wa ku Boma kumene ndinkagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ina. Loko uja ankalira kamodzi kokha, kakaphokoso kakang'ono, koma kankanditsatira mpaka pa siteji. Mu minibasi ndinkayang'ana kumadzulo, kumapiri a kwathu, kumene nkhungu imachedwa kuchoka. Nthawi zina ndinkaona ngati m'nkhungumo mukuyenda misana ya ng'ombe, imodzi pambuyo pa inzake, ndi munthu wamtali kumbuyo kwake. Kondakitala akandigwedeza m'pamene ndinkadzidzimuka.

Bambo anasiya kufunafuna ndodo. Anasiyanso kuimba mluzu. Ndikabwerako ndinkawapeza pa mpando womwe ndinawasiyapo, atayang'ana kuchitseko, chipewa chili pabondo ngati munthu amene akudikira basi. Ine ndinkati mtima wawo wakhazikika.

Tsiku lina madzulo, dzuwa likali pa nsonga za mabulugamu, ndinkawasambitsa m'manja pamene anandiitana ndi dzina la mfunda wathu.

"Nangozo, maliro anga munaika liti?"

Ndinayesa kuseka. Ndinawauza kuti ali moyo, kuti madzi akuwamva kutentha m'manjawo ndi umboni. Iwo anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anati a Redson, mnzawo wa ku Nzama amene anaweta naye ng'ombe kuyambira ali anyamata, anabwera masana.

"Ndinamva njinga yake, ija yolira tcheni. Anaiyedzamiritsa pakhoma apa. Anakwera pakhonde, anapukuta nsapato. Anaima. Kenako anati, kulibe anthu kuno. Basi anabwerera."

"Nanga bwanji simunawaitane, bambo?"

Anandiyang'ana ngati woiwalayo ndine.

"Sanaodire. Munthu ungayankhe bwanji odi amene sanaperekedwe?"

Ndinaganiza kuti analota, chifukwa masiku amenewo maloto ndi zoona zinkayendera limodzi m'mutu mwawo. Koma ndisanataye madzi aja, kunja kunamveka odi wa munthu wamkazi. Anali Mayi Dailes a khomo loyandikana nalo, atanyamula kathumba ka kachewere.

Mayi Dailes anali a kuchigwa, ku Bwanje, kwa olima mpunga. Anali atangolowa masabata awiri apitawo, ndipo tinkangopatsana moni. Ankagulitsa mpunga pamsika dzuwa likapendeka, ndipo kuseri kwa nyumba yawo anamanga kakhola ka abakha. Amayi apamsika ankati ndi munthu wosasunga nkhani, woti amadziwa ndiwo za m'nyumba iliyonse. Ine sindinavomereze kapena kukana, ndinkangowaona kaye.

Anati kunabwera agogo ena panjinga, thukuta lili chuchuchu, ndipo anasiya kachewereyu.

"Ndinawauza kuti mwachoka nonse, aneba. Loko anali pakhomo."

Akulankhula choncho maso awo anadutsa paphewa langa n'kukafika pa bambo, pa mpando wawo uja. Anayang'ana chidebe kuseri kwa katani. Anayang'ana loko amene ndinali nditamuika pazenera. Anagwada pang'ono, anandipatsa thumbalo ndi manja awiri, n'kupita.

A Redson anali atapalasa njinga kuchokera kumapiri ndi mawondo a zaka makumi asanu ndi atatu. Anaima pafupi ndi mnzawo, pakati pawo pali thabwa lokha, aliyense akusunga ulemu wake. Kwathu khomo lopachikidwa loko siliodiridwa, ungaoneke wamisala. Ndipo mwini nyumba salankhula mlendo asanaodire. Zonsezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, koma pa kauntala ya a Obed sizinandifikire.

Komabe m'mawa mwake ndinapachikanso loko. Msewu unali pomwepo, mathiraki ankadutsabe. Ndinadikira kuti nkhani imveke pamsika, kuti Nangozo amatsekera bambo ake ngati mbuzi. Ndinadutsa pakati pa amayi a tomato tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, makutu ali tcheru. Ankangondiitanira tomato.

Lachisanu abwana anatseka sitolo masana chifukwa cha maliro a kwawo. Ndinafika pa Nsipe dzuwa lili pamutu, nthawi imene mdadada wathu umakhala zii. Nditangokhota pangodya ndinaima. Mayi Dailes anali atagwada pakhomo panga, moyang'anizana ndi loko uja, lichero la mpunga lili pambali. Anaomba m'manja mofatsa.

"Odi, a Ngozo."

Kenako m'kati munamveka mpando ukukhwekhwerezeka, ndi mawu amene ndinali ndisanawamve kwa mwezi wathunthu, mawu a mwini mudzi wake.

"Wawa. Fikani, lowani."

"Zikomo, ndikhala pakhonde pompano, kuli kamphepo kabwino."

Anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kuyamba kusankha mpunga. Ankacheza ngati chitsekocho palibe. Bambo anafunsa ngati ng'ombe zatsegulidwa. Mayi Dailes anati iwo ndi a kuchigwa, za ng'ombe sadziwa, chuma chawo ndi abakha. Bambo anaseka, anati bakha si chiweto, ndi mbalame yoyenda ngati yachokera ku mowa. Mayiwo anati inu a kumapiri mumanyoza bakha ali moyo, akakhala m'mbale mumapempha ntchafu. Anasekanso bambo mpaka kutsokomola. Kenako Mayi Dailes anadandaula kuti khola lawo lilibe mwamuna wolitsegula m'mawa, abakha amachita kuchedwa kutuluka. Bambo anati zimenezo n'zosayenera, chiweto chimafunika kutuluka mame asanaume.

Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Mpunga unkagwa m'lichero ngati mvula yoyamba pa malata akutali. Mawu a bambo ankatuluka pansi pa chitseko, ndipo ndinaona ngati nyumba yonseyo yanyamuka n'kukatera ku Nzama, pansi pa mtengo wa pichesi, mayi akupeta chapafupi.

Mayi Dailes atandiona sanadzidzimuke. Anandisendera malo pakhondepo. Ndinakhala, kiyi ali m'dzanja. Ndinayamba kufotokoza za msewu, za thiraki ija, koma anandigwira pamkono. Anati za thiraki anazimva kale, ndipo akanakhala iwo akanagula loko yemweyo.

"Kungoti loko wanuyu ndi wabodza, aneba. Amauza aliyense wodutsa kuti muno mulibe munthu."

Loweruka ndinabwerera kwa a Obed. Anandifunsa ngati loko uja wathyoka, kuti akadziwe chowauza akazi awo. Ndinati ali bwinobwino, koma ndikufuna wolowa m'chitseko uja. A Mfundo, kalipentala wa kuseri kwa chigayo, anabwera ndi tchizulo chawo masana omwewo. Pamene ankagoba chitseko changa chatsopano ndinatuluka panja, sindinafune kuona. Bambo ndiwo anakhala pafupi, akutola tizipalapasiro ta thabwalo n'kumatinunkhiza. Atamaliza, kunja kunkangooneka chogwirira chonyezimira ndi kabowo. Munthu wodutsa sakanadziwa ngati khomolo ndi lokhoma kapena longotsekedwa chifukwa cha ntchentche. Akanayenera kuodira.

Loko wopachika uja, ndi zitsulo zake, a Mfundo anakamukhomera pa khola la abakha. Anadandaula kuti lokoyo ndi wolemera kuposa chitseko cha kholalo. Kiyi wake Mayi Dailes anamumangirira pa chingwe cha nsalu n'kuwaveka bambo m'khosi.

Sindinganame kuti khomo linasiya kukhomedwa. Masana, Mayi Dailes akapita kumsika, bambo ankatsalabe m'nyumba kwa maola angapo. Chiso sanabwerezenso funso lake, ndipo ine mpaka lero sindinaliyankhe. Koma a Redson anabweranso kawiri, ndipo maulendo onse awiri anaodira.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi Lolemba loyamba lija. Kunali nkhungu yochokera kumapiri, yotsika mpaka m'minda ya kuseri kwa mdadada. Bambo anadzuka, anafunafuna ndodo, anaipeza. Ndinawatsegulira khomo, ndipo Mayi Dailes anali akudikira kale, atafunda chitenje. Bambo anawerama pa kholalo. Kiyi anaphonya bowo kawiri, koma palibe amene anawathandiza. Loko atatseguka anabwerera m'mbuyo n'kuimba mluzu.

Abakha anatuluka mmodzimmodzi, akugwedeza michira, n'kumalowa m'nkhungu. Bambo ankawatchula mayina pamene ankadutsa. Mawanga. Kamdothi. Nyangazifupi. Wotsiriza, wotsimphina, anamugunda pang'ono ndi ndodo pamsana n'kumuuza kuti asakalowenso m'munda wa eni. Kenako anawatsatira pang'onopang'ono kulowera ku kadambo, msewu uli kumbuyo kwawo.

Ndinatulutsa kiyi wachiwiri wa chitseko changa n'kuwapatsa Mayi Dailes. Anamumanga pa nsonga ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kukoka ndi mano. Anati mu Meyi adzatsikira ku Bwanje kukadula mpunga, masabata awiri kapena atatu, ndipo zinkawadetsa nkhawa kuti khomo lawo lidzaoneka lopanda mwini.

"Ndizidzasesa pakhonde panu m'mawa uliwonse," ndinatero. "Ndipo abakhawa mbusa ali naye."

Anagwira mfundo ija, maso ali kwa bambo, amene tsopano ankangooneka chipewa chokha pamwamba pa nkhungu.

"Inenso kiyiyu sindidzamulowetsa pabowo ndisanaodire, aneba. Ndizidikira mpaka ayankhe."