Chifunga pa Thanki ya Jamali

Njinga yamoto ija italowa pashedi, a Rashid anaidziwa ndi khutu asanadzutse n'komwe mutu. Ekizozi yake anaigamba okha chaka chatha, ndipo chigambireni inkalira ngati yachimfine. Inali ya Jamali, mwana wa mlongo wawo, wakabaza wa ku Mwadzama. Koma atacheuka, anachita kuyang'ananso kachiwiri. Njinga imene ankaidziwa kuti ndi yofiira inali yabuluu.

Tsono mumvetse bwino apa. Panali patapita masiku asanu ndi atatu kuchokera pamene njinga yamoto inagunda mayi Benedicta pamsewu wa ku Ngala atasenza beseni la usipa, ndipo woyendetsayo sanaime. Mayiwo anatsirizikira m'galimoto popita nawo kuchipatala. Amene anaona anangogwira chinthu chimodzi: njingayo inali yofiira. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wa njinga yofiira pa Dwangwa ankayenda mtima uli m'mwamba, pakuti anyamata odula nzimbe, anzawo a alongo ake a malemuyo, ankaimitsa iliyonse n'kumaisuzumira kutsogolo. Ndipo anthu apa akapsa mtima sataya nthawi ndi mafunso. A Rashid anaonapo ndi maso awo munthu ataponyedwa miyala chifukwa cha mbuzi, mbuzi yeniyeni.

"Salaam aleikum, malume," anatero Jamali akuvula chipewa.

A Rashid sanayankhe malonjewo, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Anapukuta manja pa ovolosi n'kuizungulira njingayo. Zaka makumi atatu akuwongola ndi kupenta magalimoto, anali asanaonepo ntchito yomvetsa chisoni ngati imeneyi. Mnyamatayo anagula zitini zopopera, n'kumalizira ndi kiliya, mankhwala opanda mtundu aja amene amachititsa penti kung'anima. Koma m'malo mong'anima thanki yonse inachita mbuu, ngati diso la chambo chogona.

"Unapopera nthawi yanji?"

"Kale, malume. Mwezi watha. Makasitomala amakonda..."

"Ndafunsa nthawi, osati mwezi."

"M'mamawa. Mbandakucha, kuseri kwa nyumba."

"Ndiye ukudabwa chiyani? Mwezi wa Juni uno, kufupi ndi nyanja, mame ali thoo, iwe n'kumapopera kiliya? Watsekera chinyezi m'kati, chitsiru iwe. Munthu amadikira dzuwa likwere." Anakanikiza chikhadabo pansi pa thanki, ndipo chinalowa n'kusiya chipsera. "Penti ya mwezi watha simalowa chikhadabo. Iyi ndi ya dzana. Ndipo munthu amene akupenta kuti akope makasitomala sadzukira mbandakucha ngati mfiti."

Jamali anayang'ana pansi. Milomo yake inali itasweka, maso atalowa m'kati. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono zedi.

"Sindinawaone, malume. Wallahi sindinawaone. Anatulukira kuseri kwa thirakitala ya nzimbe. Ndikanaima akanandipha pompo."

"Ndiye mwa malo onse a m'dziko muno wabwera nayo kuno?"

"Kusiteji kwathu ayamba kundifunsa kuti wapentiranji. Ikangowala ngati yakusitolo asiya, ndidzati ndinasinthitsa. Ndipite kwa yani ngati si kwa inu?"

A Rashid anafuna kumuwomba khofi loti agwere m'ngalande. Anapsa mtima, anachitanso mantha, ndipo manthawo ndi amene anakula. Mlongo wawo Rahila anabereka ana anayi, ndipo atatu anawaika m'manda asanayambe kuyenda. Wotsala ndi ameneyu, ali chilili ngati nkhuku yonyowa. Iwo ndiwo anali mwini mbumba. Anamuperekeza ku jando, anakamufunsirira mkazi. Lero amupereke ndi dzanja lawo? Anadziwa kuti zimene akufuna kuchitazi ndi zoipa, anadziwa bwino lomwe, komabe anati, "Tunga madzi m'chidebe umo, uthiremo sopo pang'ono."

Kuchotsa chifunga pa kiliya si ntchito yamphamvu ayi. Umatenga sandipepa wosalala kwambiri uja, woti ukamugwira umakayika ngati ndi sandipepa, n'kumuviika m'madzi. Wina amathira madzi pang'onopang'ono iwe ukukhula ndi nsonga za zala, osakanikiza. Maso sakhala pa thanki, amakhala pa madzi amene akutsika. Akamatsika oyera ngati otsukira mpunga, uli bwino, ukudya kiliya yekha. Akangosintha mtundu, waboola, wafika pa penti. A Rashid anagwada n'kuyamba pamwamba pa thanki, Jamali akuthira ndi kapu ya pulasitiki, ndipo madzi anatsika oyera.

Ali m'kati mwa ntchito, chithunzithunzi cha munthu chinagwera pa thanki.

"Mwaswera bwanji, aneba?"

Anali a Layson, owotcherera zitsulo, amene shedi yawo inagundana ndi ya a Rashid kwa zaka khumi ndi zisanu. Analinso amuna awo a malemu Benedicta. Mutu unali wometa mpala monga mwa mwambo wa maliro, ndipo malaya anali atawakulira m'sabata imodzi yokha. Chiikire maliro anali asanapondepo pamsika. Lero ndiye tsiku limene anasankha, lero lomweli!

"Kunyumba kwandikanika," anatero a Layson akukhala pa tayala lakale. "Alendo apita onse. Ndikakhala ndikungomva ngati wina atsegula chitseko. Ndati bola ndikamve phokoso la zitsulo."

"Mwachita bwino, aneba," anatero a Rashid. "Uyu ndi mphwanga, wa kwa mlongo wanga."

Jamali anali asanawaonepo bambowa, koma anaona mpala uja, anamvanso mawu aja, ndipo atazindikira kuti ndi ndani anaiwala pamene akuthira. Madzi ankangokhuthukira pa injini ndi pa nsapato.

"Iwe, ukusambitsa amalume ako kodi?" anatero a Layson, akuyesa kuseka. "Bweretsa kuno ndithire ine. Manja angawa akusowa chochita."

Akanakana bwanji? Munthu wofedwa akapempha kapu ya madzi kuti athandize mnzake, ndani angamumane? Ndipo kusiya ntchito pakati kukanadabwitsa, chifukwa Dwangwa yonse inkadziwa kuti a Rashid sadzuka pa thanki asanadziwonepo nkhope ngati pagalasi. Basi anapitiriza, wamasiye akuthira madzi pa njinga imene inamuphera mkazi, iwo akukhula. Thukuta linkawatsika m'khosi ngakhale mwera unali kuwomba. Pamsewu panadutsa lole ya kukampani yodzaza ndi odula nzimbe oweruka masana, zikwanje zitakulungidwa m'masaka, ndipo inakaima pa sitolo za kumtunda.

Atamaliza pamwamba anapukuta, n'kupaka polishi wokhulira ndi kansalu, kuzunguliza, kuzunguliza, mpaka buluu anatulukira m'chifungamo ali waliwali. Koma m'mbali mwa thanki, pamene chitsulo chimapindika n'kupanga kamsana, sanakhudzepo. Wopenta aliyense amadziwa kuti pamsana potero penti simakhalapo yambiri, imatsetserekera m'munsi ikadali yamadzi. Ndipo penti ya Jamali, yopopera mothamanga, yopanda ndi penti yoyambira yomwe pansi pake, inali yopyapyala ngati khoko la anyezi.

"Yatha," anatero a Rashid akudzuka. "Kwera uzipita."

"Aa, aneba, mwakalamba eti?" anatero a Layson. "Mwasiya mzere wonsewu uli mbuu. Akakuseketsani kwawo uko."

"Pamenepo pasiyeni, pamafuna tsiku lina."

"Tsiku lina la chiyani, ntchito ya mphindi ziwiri?"

A Rashid asanatambasule dzanja, a Layson anali atatola kale sandipepa uja m'chidebe. Ankafuna kuthandiza, ndithu ankangofuna kuthandiza. Koma dzanja la wowotcherera linazolowera chopalira zitsulo, silidziwa kusisita. Anakanikiza ndi chala chachikulu pamsana pomwepo, kawiri, katatu, kwinaku akuthira madzi ndi dzanja linalo. Madzi anatsika oyera. Kenaka anatsika abuluu. Kachisanu anatsika ofiirira, n'kuyenderera pa injini mpaka kudontha pafumbi.

A Layson anaima. Anachotsa chala. Pa thanki panali kamzere kotalika ngati chitsotso cha machesi, kofiira psuu.

Wailesi ya pa butchala inkamveka bwinobwino ikulengeza za mpira. A Layson anayang'ana kamzereko nthawi yaitali, kenaka anadzuka n'kupita kutsogolo kwa njinga. Anagwira galasi la nyali, limene linali latsopano pa njinga yakale. Anayendetsa chala pa foloko yogwira tayala lakutsogolo, ndipo munthu amene wakhala akuwongola zitsulo moyo wake wonse sangalephere kumva chitsulo chowongoledwa ndi mwala. Atatero anayang'ana Jamali, amene anali atatsamira mzati.

Koma amene anawayankhula ndi a Rashid.

"Aneba, kumanda kuja munandigwira mkono inu."

"Ndinakugwirani."

"Lero mwandipatsa kapu."

Manyazi amene anawagwira a Rashid anaposa mantha aja. A Layson sanakuwe, sanatukwane. Anaika sandipepa m'chidebe bwinobwino, anapukuta manja pa thalauza, n'kutuluka. Sanalowere kushedi kwawo. Analunjika kumtunda, kumene lole ija inatsitsa anthu, akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza madzi odzaza.

Jamali anadumphira pa njinga n'kugwira kiyi, koma a Rashid anamugwira pamkono, n'kuzula kiyiyo n'kuiponya padenga la shedi.

"Malume! Mukundipha!"

"Msewu ndi umodzi, ndipo uthenga pafoni ukafika pa mlatho iwe usanafike. Akakutchingira ndi mitengo. Kupolisi ndi apa, kuseri kwa msika. Tiyenda wapansi."

"Akanditsekera! Amayi mukawauza chiyani?"

"Ndikawauza kuti uli kundende. Kundende munthu amakamuona, amamutengera ndi mpunga womwe. Tsogola."

Anatuluka kudzera kuseri, pakati pa mabenchi a tomato. Amayi ogulitsa anawapatsa moni, ndipo a Rashid anayankha aliyense ndi dzina lake, mawu ali bwinobwino, dzanja lili pa lamba wa mphwawo. Atafika pa chigayo, kumtunda kuja kunamveka likhweru, kenaka lina, kenaka mfuu wa anthu ambiri ndi mapazi. Jamali anagwedezeka kuti athawe.

"Usathamange," anatero a Rashid. "Ukathamanga aliyense pamsika pano adziwa kuti ndiwe. Yenda, usacheuke."

Mbendera ya papolisi inali ikuoneka kale pamwamba pa malata, koma panali patatsala bwalo lonse la minibasi, poyera popanda pobisala. Phokoso lija linakhota pa butchala. A Rashid anasiya lamba uja n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi, kuti msana wawo uphimbe msana wa mwana wa mlongo wawo. Anayenda chomwecho, atatambasula mapewa, ndipo mwala woyamba unapeza iwo.