Magazi a Abiti Usumani

Mwala woyamba unaswa galasi lakutsogolo Fauziya asanalize galimoto. Wachiwiri unamupeza pamwamba pa diso, magazi n'kuyenderera mpaka pa mpango wake.

"Namapopa! Tamugwira namapopa!"

Anthu a ku Chikweo anali atagona panja milungu iwiri chifukwa cha mphekesera za opopa magazi. Fauziya anazimva ali ku Liwonde, koma anangoseka. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Choncho anabwera ndi galimoto yobwereka ya magalasi akuda, natenga magazi a mayi ake m'timabotolo tinayi, chitseko cha nyumba chili chotsegula, odzazonda matenda akuona.

Anamukokera m'fumbi. Ganizani, amene ankakhala naye benchi imodzi ku pulayimale, analanda bokosi la ayezi n'kulitsegula.

"Iyi ndi sobo, adokotala?"

"Ndi magazi a mayi anga. Akudwala khansa, ukudziwa iwe."

"Ukagulitsa kwa ndani?"

"Iyayi! Kuntchito kwathu timatenga kachilombo, timakachotsa ululu, n'kukasenzetsa uthenga. Uthengawo umatseguka m'maselo a khansa okha, kuwalamula kuti afe. Abwinobwino suwakhudza."

"Mwamva? Wavomera yekha, amaweta tizilombo!"

Chibonga chinamugwera pamsana. Phazi la wina linamuponda zala mpaka chimodzi chinalira ngati kamtengo kouma. Kumbuyo, wina ankapopa petulo m'njinga yamoto. Fauziya anadzipinda, manja ali kumutu. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akuphunzitsa kachilombo kusankha mdani, koma pano panalibe mwala ndi umodzi womwe wosankha.

"Ganizani!"

Mawuwo anali ofooka, koma aliyense anawamva. Mayi a Fauziya, Abiti Usumani, amene sanadzuke pamphasa mwezi wathunthu, anali ataima atagwira chitseko. Anamasula nsalu yawo, naitsitsa mpaka m'chiuno. Amuna anatembenuza nkhope msangamsanga, pakuti mayi wamkulu akakuvulira, tsoka silikusiya. Bere lawo lakumanzere linali bala lotseguka, lakuda m'mbali. Mphepo inafikitsa fungo lake kwa onse.

"Usayang'ane kumbali, iwe. Mayi ako atadwala unayamwa pomwepa. Namapopa wanga ndi uyu, amandipopa usana ndi usiku. Mumenyeni ameneyu ngati ndinu amuna! Chaona mnzako chapita, mawa chili pa akazi anu."

Ganizani anaika bokosi pansi. Miyala inayamba kugwa m'manja, anthu n'kumachoka mmodzimmodzi, osayang'anana.

Fauziya anakwawa mpaka pakhonde. Timabotolo titatu tinali titasweka, dothi litamwa kale. Mayi ake anamupukuta diso ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Kachilombo kakoko kafika liti, mwanangu?"

Chaka chonse pa foni ankayankha kuti posachedwa. Mawu omwewo anafikanso pamilomo yake yotupa, koma anawameza pamodzi ndi magazi.

"Sikakupezani, amama. Tikadali kuyesa pa mbewa."

"Ndinkadziwa. Umati posachedwa ngati wogulitsa mankhwala pa msika wa Nsanama." Anaseka pang'ono, kenako anatsokomola. "Nyamuka. Ana a mchemwali wako Ilham nawonso akumera mawere."

Fauziya anatola kabotolo kotsala ndi dzanja losathyoka, nakakwirira pakati pa ayezi amene anali asanasungunuke. Madzi a m'bokosi ankadontha pabwalo, dontho lililonse n'kuuma iye asanafike pagalimoto.