Mphezi Wamenya Ndani

Tcheyamani wa timu atalowa mu saluni muja, Mayi Belu anali akutsuka mutu wa kasitomala, thovu mpaka m'zigongono. Bamboyo anasowa pokhala, ndiye anangoima pafupi ndi chowumitsira tsitsi n'kunena chimene anadzera. Loweruka timu ikutsanzikana ndi katswiri wake, Mphezi, ndipo geti lalikulu la bwalo lilembedwa dzina lake. Ankafuna Mayi Belu adzayambitse nyimbo ija.

Nyimboyo anapeka ndi Mayi Belu yemweyo, kalekale, Mphezi akusewerabe ndi nsapato zobwereka. Mayiyo ankakuwa kuti, "Mphezi wamenya chiyani?" bwalo lonse n'kuyankha, "Chigoli!" Ngakhale dzina loti Belu linabadwira pa mawu akewo, chifukwa ankamveka mpaka kumsewu.

"Ndidzabwera, atcheya," anatero, osatukula mutu.

Mng'ono wake, amene ankaluka tsitsi pafupi ndi zenera, sanamve kanthu. Khutu lake lakumanzere linafa tsiku limene Mphezi, ali mwamuna wake, anamumenyetsa pachitseko cha firiji chifukwa chofunsa kumene anagona. Nkhani inafika kupolisi, koma sabata imeneyo kunali fainolo. Akuluakulu a timu anabwera atavala masuti, napempha kuti mnyamata asasokonezedwe mutu. Mphezi anagoletsa, anthu anamunyamula pamapewa, ndipo za khutu zinathera pomwepo. Kuyambira pamenepo Mayi Belu sanapondenso m'bwalomo.

Tsono zenera la saluniyo linayang'anizana ndi geti lomwelo. Ndiye kuti mng'ono wake aziti akatukula maso, aziwerenga dzina la munthu ameneyo m'zilembo zikuluzikulu, mpaka imvi. Mayi Belu ankadana naye Mphezi, chidani chenicheni, ndipo sankachita nacho manyazi. Anatsuka mutu uja mwamphamvu mpaka mwini wake anati, "Mayi, ndalakwa chiyani ine?"

Loweruka bwalo linadzaza. Mphezi anafika ndi suti yoyera, mimba ili patsogolo, akugwira anthu chanza ngati akufuna mavoti. Ataona Mayi Belu anatambasula manja.

"Alamu! Ndimadziwa kuti simungandikane. Zakale zinapita, eti?"

"Zinapita, alamu. Khalani pansi mumve bwino. Inu makutu muli nawo onse."

Mphezi anaseka, koma chiseko chake chinali cha mano okha.

Atatha malankhulidwe, tcheyamani anapereka maikolofoni. Oimba ng'oma anayamba, anthu anaimirira, aliyense mawu oti "chigoli" ali kale pamilomo. Mayi Belu anakoka mpweya.

"Mphezi wamenya ndani?"

Ochepa anakuwa "Chigo…" n'kumeza chotsalacho. Ng'oma zinasokonekera, kenako zinasiya. Anthu anayang'anana, chifukwa funsolo yankho lake aliyense ankalidziwa, kungoti panalibe amene anawafunsapo. Mayi Belu anabwereza, nyimbo yake yomweyo, kayimbidwe komweko.

"Mphezi wamenya ndani?"

"Mkazi wake!" Anayankha anali mayi wochapa mayunifomu a timu, ataima kuseri kwa benchi.

Mayi Belu anafunsanso. "Refa!" wina anakuwa kuchokera pamwamba. Anafunsanso. "Mlonda wa pageti!" Ng'oma imodzi inabwerera, inzake inatsatira. Funso lililonse linkapeza yankho latsopano: dalaivala wa basi ya timu, wojambula zithunzi, goloboyi wake yemwe. Anthu amene anamunyamula pamapewa aja ndi amene tsopano ankalimbirana kutchula, ena akuseka, ena nkhope zili gwa. Tcheyamani anathamanga kukazimitsa maikolofoni, kuiwala chimene mayiyo anatchedwera Belu.

Mphezi anatulukira kakhomo ka osewera, keke yake isanadulidwe.

Dzina analilembabe pageti, poti penti inali itagulidwa kale. Koma palibe amene amaliwerenga. Makondakitala a mabasi akafika pamenepo amakuwa kuti, "Otsika pa Wamenya Ndani!" ndipo sipalephera wina m'basimo woyankha. Ana amene sanaonepo chigoli chake n'chimodzi chomwe amadziwa mndandanda wonse wa amene anawamenya.

Madzulo a Lowerukalo, Mayi Belu anapeza mng'ono wake akusesa tsitsi pansi. Mng'onoyo sanapite kubwalo, anangomva chiphokoso chosamveka mutu wake.

"Achemwali, anthu amayankha kuti chiyani? Ndinatchera khutu lolakwika."

Mayi Belu anamulanda tsache n'kuliyedzamiritsa kukhoma. Anazungulira mbali ya khutu lamoyo lija, nawerama.

"Anayambira iwe," anatero.